Kukongoletsa Pansi pa Matabwa

Mukayang'anitsitsa malembo a pa bokosi la katundu kapena pa belo la fodya, mudzaona kuti chilembo cha O ndi chodukaduka. Malembo otere salembedwa ndi cholembera ayi. Munthu amatenga chipepala cholimba kapena chitsulo chopyapyala, naboola chilembocho, kenaka napaka utoto pamwamba. Utotowo umadutsa poboolapo pokha. Chida chimenechi dzina lake ndi sitensulo, ndipo anthu ena amakongoletsera nacho nyumba.

Ku dera la New England, m'dziko la United States of America, nyumba zambiri pansi pake ndi pa matabwa, osati pozira kapena pa simenti monga kwathu kuno. Cha m'ma 1800 kapeti inali yokwera mtengo kumeneko, kotero kuti alimi ambiri sankaikwanitsa. Tsono ankaitana amisiri oyendayenda kuti awajambulire maluwa ndi masamba pa matabwapo. Mmodzi mwa amisiri odziwika a sitensulo anali Moses Eaton wamng'ono, wa ku New Hampshire, amene anabadwa mu 1796 namwalira mu 1886. Iyeyu ankakongoletsa makamaka makoma, ndipo m'bokosi lake la zida munapezeka masitensulo 78. Mu 1839 Erastus Bigelow anapanga makina olukira kapeti. Kapeti inayamba kutsika mtengo, ndipo ntchito ya amisiri aja inachepa.

Alipo anthu amene amati kujambula ndi sitensulo si luso konse. Iwo amati ndi ntchito ya munthu waulesi, pakuti duwa ndi lomwelomwelo kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Ine sindigwirizana nawo. Amene amanena zimenezi amangoona duwa, osaona ntchito imene yatsogola.

Taganizani, ana inu. Mmisiri amayamba wapala matabwa onse ndi sandipepala, nasesa fumbi lonse, chifukwa utoto sugwira pa thabwa lakuda. Akatero amapaka utoto woyamba chipinda chonse nadikira kuti uume. Kenaka amayesa chipindacho ndi chingwe kuti apeze pakati penipeni. Apa m'pamene masamu a kusukulu amagwira ntchito. Akaphonya pang'ono pa duwa loyamba, pofika pa duwa la makumi awiri mzere wonse wakhota, ndipo mlendo aliyense adzaona msanga.

Kupaka kwake nakonso kumafuna kuugwira mtima. Wophunzira amafuna kuviika bulashi kuti idzaze, koma utoto ukachuluka umalowerera kunsi kwa sitensulo, tsamba n'kusanduka chibanthu. Mmisiri weniweni amayamba wapukuta bulashi pa kansalu mpaka ikhale ngati youma, ndipo amagogoda nayo pang'onopang'ono m'malo mokwekweza. Duwa likakhala la mitundu iwiri, monga lofiira ndi masamba obiriwira, pafunikanso masitensulo awiri, ndipo wachiwiri saikidwa utoto woyamba usanaume. Zonsezi amachita chogwada, tsiku lathunthu. Kodi waulesi angapirire zotere?

Komabe pali mfundo imodzi imene otsutsawo amanena zoona. Iwo amati utoto umabisa kukongola kwa thabwa. Alimi a ku New England kawirikawiri ankapaka matabwa a paini, amene ndi ofewa ndiponso otuwa. Pa thabwa lotere utoto umakongoletsa ndi kuteteza. Koma munthu atakhala ndi matabwa a mlombwa kapena a mbawa, ine ndingamuletse. Mitengo imeneyi imatenga zaka zambirimbiri kuti ikule, ndipo ili ndi mizere yakeyake imene bulashi singaipose. Thabwa lotere limangofuna kulipala bwino ndi kulipaka vanishi.

Vanishi ndi wofunikanso pa maluwa a sitensulo. Khoma silipondedwa, koma pansi pamayenda anthu, pamakokedwa mipando, pamagwa mchenga wa ku nsapato. N'chifukwa chake mmisiri amapaka vanishi kawiri kapena katatu akatsiriza kujambula. Ngakhale zili choncho, mapazi amapambanabe. M'nyumba zakale za ku New England makoma ojambulidwa atsala ochulukirapo, koma pansi pojambulidwa m'posowa. Pamene patsala, maluwa amaoneka bwino m'mbali mwa khoma ndi m'makona, momwe munthu sapondamo kawirikawiri.