Unzika Sutha Ntchito Ngati Mankhwala

Abale ndi alongo, inu amene muli nacho chiphaso cha unzika wa Malawi, tachitulutsani m'chikwamamo muchiyang'anitsitse. Pali dzina lanu, chithunzi chanu ndi tsiku limene munabadwa. Koma palinso tsiku lina limene ife tikukana kulivomereza: tsiku loti chiphasocho chidzatha ntchito. Ife osamalira okalamba kuno ku Britain tsiku lotere timalidziwa bwino, pakuti timaliwerenga pa botolo la mankhwala tisanamwetse wodwala. Mankhwala amasukuluka, n'chifukwa chake amawalembera tsiku. Nanga Mmalawi amasukuluka pakatha zaka zingati?

Wina asatiyese adani a chiphasochi. Chinachedwa kubwera, ndipo chitafika tinachilandira ndi manja awiri. Lamulo la kalembera wa nzika ndi la mu 2010, koma kalembera wa dziko lonse anachitika mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo m'miyezi yowerengeka chabe. Mayi amene moyo wake wonse ankadalira kalata ya amfumu kuti adziwike, anakhala ndi umboni wakewake m'manja. Ntchito imeneyo inali yotamandika.

Posakhalitsa chiphasocho chinasanduka kiyi wa khomo lililonse. Mu 2018 anthu analamulidwa kulembetsa nambala zawo za foni. Mabanki anayamba kuchifuna. Kuyambira mu 2020, feteleza wotsika mtengo wa AIP ankagulidwa poonetsa chiphasochi, ndipo lamulo la zisankho la mu 2023 linachiika kukhala umboni wokhawo polembetsa m'kaundula wa ovota. Komatu pofika 2021, zaka zinayi zokha chichitikire kalembera uja, ziphaso za anthu ambiri zinali zitayamba kale kutha ntchito. Taganizani za gogo wa ku Nthalire kapena ku Makanjira. Dzulo anali nzika. Lero, asanasamuke pamudzi pake, asanasinthe dzina, khomo lamutsekekera. Kuti litseguke, akwere kabaza ndi minibasi mpaka ku boma, akaime pamzere, abwerere, adzapitenso kukatenga. Ndipo ndalama ya ulendowo tonse tikudziwa kumene imachokera: pa foni ya mwana wake amene wangotuluka kumene ntchito ya usiku ku Leeds kapena ku Johannesburg.

Ife a zaka za m'ma 40 tinaiona khadi ya chipani ndi maso athu. Tikukumbukira makolo athu akuimitsidwa pachipata cha msika ndi pokwerera basi, kufunsidwa khadi imene inkagulidwa chaka ndi chaka. Sitikunena kuti chiphaso cha lero ndi khadi ija, ayi. Koma mtundu umene unadutsa m'zimenezo, umene agogo ake ankayenda ndi chitupa m'thumba ku Salisbury ndi ku Joni, uyenera kuchita mantha ndi pepala lililonse limene limati ukapanda kulikonzanso, ufulu wako waima.

Otsutsana nafe amati nkhope ya munthu imasintha, choncho chithunzi chiyenera kujambulidwanso. N'zoona, ife amene timasambitsa okalamba tsiku ndi tsiku sitingauzidwe za kusintha kwa nkhope. Koma pa kalembera uja sanatenge chithunzi chokha, anatenganso zidindo za zala, ndipo nambala imene munthu anapatsidwa ndi yake mpaka kumanda. Ngati chithunzi chakalamba, muitaneni mwini wake adzajambulitse china pa nthawi imene angathe, chiphaso chakalecho chikugwirabe ntchito. Ena amati walira mvula walira matope, munafuna chiphaso, pirirani zovuta zake. Matope amenewa sanagwe ndi mvula, abale. Anachita kuwapondaponda anthu mu ofesi. Anansi athu akutha bwanji? Chiphaso cha makono cha ku South Africa, chimene chinayamba mu 2013, chilibe tsiku lothera ntchito. Chitupa cha ku Zimbabwe chilibe. NRC yobiriwira ya ku Zambia anthu akalamba nayo.

Umboni waukulu unaperekedwa ndi boma lenilenilo. Mu 2023 linalengeza kuti ziphaso zonse zotha ntchito zipitirire kulandiridwa mpaka pa 1 January 2026. Dziko silinagwe. Anthu analembetsa ndi ziphaso zomwezo, ndipo pa 16 September 2025 anasankha mtsogoleri wa dziko. Tsono ngati chiphaso chimene tsiku lake linadutsa chinali chokwanira kusankhira pulezidenti, chiperewera bwanji pogula thumba la feteleza kapena potsegula akaunti ku banki? Kuimitsa kwa kanthawi kuli ngati kupatsa panado munthu wothyoka mwendo. Chofunika ndi kusintha lamulo.

Kwa ife okhala kunja nkhaniyi imaluma kawiri. Kuno tinazolowera mapepala okhala ndi malire: viza imatha, ndipo makhadi a BRP anatha pa 31 December 2024 n'kulowedwa m'malo ndi eVisa. Sitidandaula, pakuti kuno ndife alendo, ndipo mlendo amapatsidwa masiku. Koma ku Malawi ndife alendo a yani? Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, kutiuza kuti ngakhale titatenga pasipoti ya kuno, kwathu ndi kwathube. Mawu okoma amenewo akutsutsana ndi kachiphaso kamene kangathe ntchito tili pantchito ku Manchester. Tchuthi chathu ndi masabata awiri kapena atatu, tikiti ya ndege imadya malipiro a masabata angapo, ndipo chiphaso sichituluka tsiku lomwelo. Munthu wapita kukaona manda a mayi ake, kapena kukasainira malo amene wawavutikira zaka khumi, athere masiku ake pa benchi?

N'chifukwa chake tikupempha komiti ya bungwe lathu kuti pamsonkhano wotsatira nkhaniyi ikhale yoyamba, isanafike ya chikondwerero cha 6 July. Tilembe kalata imodzi, tisainire tonse, ipite kwa kazembe wathu ku London ndi kwa aphungu a m'madera amene tinachokera. Tinenemo zinthu ziwiri: tsiku lothera ntchito lichotsedwe pa chiphaso cha nzika, ndipo maofesi a akazembe ku London, Pretoria, Harare ndi Washington akhale ndi makina ojambulira ndi otengera zidindo chaka chonse. Amene muli pa ntchito Loweruka limenelo, tumizani mayina anu kwa mlembi Lachisanu lisanathe.