Dzanja la nyamakazi silifuna mphini, lifuna kuyendetsedwa

Nyengo yozizira ya June ndi July ikafika, ambiri mwa inu mumadzuka zala zitauma. Kugwira khasu kumavuta, kufinya chovala kumavuta, ngakhale kumanga chitenje kumene. Ena mwathamangira kukatemera mphini, ena mwangoti ndi ukalamba basi. Ife maganizo athu ndi akuti njira ziwiri zonsezi zikukutayitsani manja amene akanatha kugwirabe ntchito.

Nyamakazi ya m'manja ili mitundu ingapo, koma yodziwika kwambiri ndi iwiri. Woyamba umabwera pamene kanyama kosalala kamene kamakuta mapeto a mafupa kaperepeseka, mafupa n'kumakhulana. Umenewu umakonda tsinde la chala chachikulu ndi mfundo za kumapeto kwa zala, makamaka kwa anthu achikulire. Wachiwiri umabwera pamene chitetezo cha thupi chayamba kulimbana ndi mfundo za mwini wake. Umagwira manja onse awiri nthawi imodzi, mfundo zimatupa, ndipo kuuma kwa m'mawa kumapitirira theka la ola. Umenewu umagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ngakhale a zaka 30 kapena 40.

Vuto lonse lili mkati mwa mfundo. Lumo limangocheka khungu, silifika kumeneko. Chimene mumapeza ndi chilonda, ndipo ngati lumolo lagwira anthu angapo mutha kutengerapo HIV.

Nanga kungolipumitsa dzanja? Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Mfundo imene siyenda imauma, minofu imafooka, ndipo mawa ululu umaposa wa lero. N'chifukwa chake achipatala amaphunzitsa mafizo. Sachiza nyamakazi, tisakunamizeni, koma amachepetsa ululu ndi kusunga mphamvu za dzanja.

Yambani motere. Viikani manja m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 10 kapena 15. Kenako pindani zala pang'onopang'ono ngati mukufumbata, n'kuzitambasulanso. Gunditsani chala chachikulu ku nsonga ya chala chilichonse, chimodzichimodzi. Ikani mkono pa tebulo kapena pa bondo, dzanja likulendewera, n'kumalikweza ndi kulitsitsa. Chilichonse chitani kakhumi, m'mawa ndi madzulo. Kumva kukokeka pang'ono si vuto, koma ululu ukapitirira maola awiri mutamaliza, ndiye kuti mwapyola muyeso, mawa chepetsani. Tsiku limene mfundo yatupa ndi kutentha, musaiviike m'madzi ofunda: ikanipo nsalu yonyowa yozizira ndi kuiyendetsa mofatsa.

Sinthaninso kagwiridwe ka ntchito. Kulungani mpini wa khasu kapena mthiko ndi nsalu kapena mphira wa chubu chakale kuti ukule, chifukwa chinthu chochepa chimafuna kufinya kwambiri. Poto nyamulani ndi manja awiri. Ndowa musaikoleke pa zala. Polima kapena pokumba mbatata, muzipumira kawirikawiri m'malo mogwira tsiku lonse mosalekeza.

Mwina mukuti, "Chipatala chili kutali, bola mapiritsi a pamsika." Tikumvetsa, ulendo umadya ndalama. Koma ibuprofen ndi diclofenac mukamamwa tsiku ndi tsiku popanda malangizo, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Komanso nyamakazi ya mtundu wachiwiri ija imafuna mankhwala akeake oyambidwa msanga. Mukachedwa zala zimapindika, ndipo zikapindika mafizo sangaziwongolenso. Choncho manja onse awiri akatupa kwa masabata angapo, pitani mukapimidwe, ndipo funsani namwino ngati angakulembereni kalata yokaonana ndi a mafizo ku chipatala chachikulu. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, kufiira, thupi n'kutentha, pitani tsiku lomwelo.

Mawu omaliza apite kwa inu apabanja. Mayi akamati manja akupweteka, si ulesi ndipo sanalodzedwe. Abambo, tengani nkhwangwa muwaze nkhuni. Ana, thandizani kusinja ndi kuchapa. Koma musawalande ntchito zonse agogo. Asiyireni zopepuka monga kusankha nyemba, pakuti dzanja limafuna kumayenda ndithu.

Madzi ofunda ndi mphindi zochepa sizifuna ndalama. Yambani mawa m'mawa, musanapite kumunda.