Mabakuli amaluwa a agogo asathere kukhola la nkhuku

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, mbale yakale yachitsulo ikangogamphuka utoto pamlomo, ulemu wake watha. Imaponyedwa kuseri kuti nkhuku zizimweramo, ndipo malo ake imatenga ya pulasitiki ya pamsika. Kumeneku n'kutaya chuma.

Munthu akaitola n'kuitsuka bwino amaona luso la mmisiri. M'kati ndi moyera mbee, mzere wabuluu wazungulira mlomo, ndipo maluwa ofiira ali m'mbali kapena pachivindikiro, moti amaonekabe ngakhale nsima itadzaza. Bakuli ndi lakuya, lofunda ndi chivindikiro chake, kuti chakudya cha alendo chisazizire. Mbale ya mpunga wa faya ndi yotambalala, kuti manja angapo apisemo mosaphanikizana. Zina mwa mbalezi zinabwera m'masutikesi a amuna obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Zimbabwe, kumene dzina la Kango la ku Bulawayo linkadziwika pafupifupi khomo lililonse.

Kukonda mbale zokongola sikunayambe dzulo. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, njira yake yamalonda, yomwenso inkadutsa akapolo ndi minyanga, inkathera ku Kilwa. Kugombe la nyanja yamchere kumeneko Aswahili ankalemekeza mbale zadothi za ku China, zoyera ndi zojambulidwa buluu, mpaka kuzimatira m'makoma a mizikiti ndi manda, monga pachipilala cha ku Mambrui ku Kenya. Kuno kwathu, katswiri wa zakale Yusuf Juwayeyi pofukula ku Mankhamba m'boma la Dedza, likulu lakale la Amaravi, anapeza mapale a mbale za ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi.

Chodabwitsa n'chakuti alendo amalipira ndalama zambiri ku Nkhotakota Pottery, mphukira ya Dedza Pottery yomwe inayamba mu 1987, kugula makapu ndi mbale zojambulidwa pamanja, pomwe zakale za m'midzi yoyandikana nayo zikudyedwa ndi dzimbiri.

A nyumba yosungira zakale ya Chichiri ku Blantyre angachite bwino kufika kwa Malengachanzi ndi kwa Kanyenda ku Nkhotakota, kujambula mbalezi ndi kulemba yemwe anabwera nazo, kumene anazigula komanso ukwati womwe zinapakulidwira, agogo odziwa zimenezi akadali moyo.