Miyala Iyambe, Nsomba Zibwere Pambuyo

Mwezi uno tikambe za thanki yagalasi yowetera nsomba pabalaza, ija ena amaitchula kuti aquarium. Ndi chinthu chokoma kukhala nacho pakhomo. Masana a Sabata, ana amatha kukhala phee kuyang'ana zolengedwa za tsiku lachisanu mmalo mokanganirana foni. Koma ambiri timathamangira kugula nsomba, miyala ndi mitengo n'kumaponyamo pambuyo ngati zokongoletsa chabe. Apa ndi pamene pamayambira mavuto, chifukwa miyala ndi mitengoyo ndiyo nyumba ya nsomba, ndipo ikasankhidwa molakwika imatha kubweretsa matenda ngakhale kwa ife eni.

Tiyambe ndi kumene miyalayo yachokera. Mwala kapena chomera chotola kunyanja, kudambo kapena mumtsinje chimatha kubwera ndi tinkhono tating'ono kapena mazira ake. Mitundu ina ya nkhonozi ndi imene imasunga tizilombo ta likodzo, timene timalowa pakhungu munthu akagwira madziwo. Choncho mwala uliwonse tiukweche ndi burashi mpaka matope ndi ndere zonse zichoke, kenako tiuyanike padzuwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Sopo tisagwiritse ntchito, amapha nsomba. Mwala tisauphike kapena kuuika pamoto, chifukwa wina umakhala ndi madzi kapena mpweya mkati ndipo ungaphulike. Zomera ndi bwino kugula kwa oweta nsomba kusiyana ndi kuzula kunyanja. Tikumbukirenso kuti dera la Cape Maclear ndi zilumba zake lili mu Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kumeneko sitigwira nsomba zoweta kapena kutola zinthu mwachisawawa.

Chachiwiri, tidziwe nsomba zimene tikufuna kuweta tisanasankhe mwala. Dontheza viniga pamwala wouma. Ukachita thovu, ndiye kuti uli ndi laimu, ndipo udzakweza pH ya madzi, muyeso uja woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene anthu amaweta mpaka ku Germany ndi ku America, zimakonda madzi otere, a pH yoposa 7.5, ndiponso miyala yambiri yokhala ndi mapanga. Tinsomba ta ku Amazon monga neon tetra timafuna madzi a pH yotsika, ndipo timakondwa ndi mitengo ndi zomera zambiri. Magulu awiriwa tisawasakanize m'thanki imodzi.

Pa mitengo, tisankhe wouma kwambiri, wolimba, wopanda khungwa, penti kapena mankhwala ophera chiswe. Tsanya ndi wabwino chifukwa ndi wolemera ndipo amamira msanga. Paini ndi mkungudza zili ndi utomoni, pamene nkhadze ili ndi mkaka wa poizoni umene umapha nsomba. Mtengo tiuviike m'ndowa kwa milungu iwiri kapena itatu, tikusintha madzi masiku awiri alionse, mpaka aleke kuoneka ngati tiyi. Ndowayo tizivundikira, tisasandutse khonde lathu moswera udzudzu.

Tsopano kuyala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 100 pamodzi ndi miyala yake imaposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Ikhale patebulo lolimba, losapendekeka, pamene mwana sangakwere kapena kukoka. Miyala ikuluikulu tiiyale poyamba pansi penipeni, titayalapo kapulasitiki kokhuthala koteteza galasi, mchenga ubwere pambuyo. Mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pamchenga zikaufukula pansi umagwera galasi. Tonse tikukumbukira fanizo la omanga nyumba awiri pa Mateyu 7. M'thanki namonso zimachitika chimodzimodzi. Tikamaliza, tikankhe mwala uliwonse ndi chala. Wogwedera tiukonze madzi asanalowe.

Kuti pakongole, wojambula zithunzi wa ku Japan, Takashi Amano, anatchukitsa njira yotchedwa iwagumi: miyala itatu kapena isanu ya mtundu umodzi, waukulu usakhale pakati penipeni koma chakumbali pang'ono, ing'onoing'ono ikuuzungulira. Mchenga ukwere chakumbuyo. Kutsogolo tisiye bwalo losambira, ndipo pakati pa mwala ndi galasi pakhale mpata wolowa dzanja potsuka. Miyala ndi mitengo itchinge maso a nsomba kuti yofooka ipeze pothawira ikapirikitsidwa. Zikamaonana nthawi zonse, yamphamvu imazunza zinzake mpaka kuzipha.

Zomera monga Anubias ndi Java fern sitizikwirira. Timazimangirira ndi ulusi pamtengo kapena pamwala, chifukwa tsinde lake likakwiririka limaola. Masamba ake ndi olimba, mbuna sizimawadya kawirikawiri. Vallisneria, udzu wautali umene umamera ngakhale m'nyanja yathu, tibzale kumbuyo ndi kutchinga mizu yake ndi timiyala.

Tikadzaza madzi, sefa igwire ntchito kwa milungu ingapo nsomba zisanalowe, kenako tiziika pang'onopang'ono. Madzi a pampopi ali ndi klorini, choncho agone m'ndowa yovundikira ndi nsalu tsiku lathunthu tisanawathire. Tisanalowetse dzanja, tizimitse magetsi a thanki. Amene ali ndi bala padzanja avale magolovesi kapena asiyire wina, ndipo tonse tisambe m'manja ndi sopo tikamaliza. Mwana akayamba kukodza magazi atasewera m'madzi a kunyanja kapena kudambo, tipite naye kuchipatala, mankhwala a likodzo alipo.

Kutsuka galasi ndi kusintha madzi tizichite Lachisanu dzuwa lisanalowe, monga timachitira ndi ntchito zina zokonzekera. Sabata likafika, chotsala ndi kudyetsa nsomba ndi kukhala pansi ndi ana kuziyang'ana.