Ndodo ya Magiya Ikayamba Kugwedera

Alipo matenda ena a galimoto amene mwini wake amawazolowera monga momwe munthu amazolowerera chitseko cholira cha nyumba yake. Amodzi mwa matenda otere ndiwo kugwedera kwa ndodo yosinthira magiya. Galimoto ikakalamba, ndodo ija imene kale inkalowa m'malo mwake mosavuta imayamba kuvinavina ngati mthiko mumphika wa phala, kotero kuti woyendetsa amachita kufufuza giya yachiwiri ngati munthu wopapasa machesi mumdima. Mwini galimoto amangoseka, nanena kuti galimoto yake imamvera iye yekha, ndipo mnzake akaigwira nalephera iye amakondwa ngati wakhoza mayeso. Komatu chimene akunyadiracho ndi chilema, ndipo ndi chilema chimene kawirikawiri chimatha ndi ndalama zochepa chikagwiridwa msanga.

Ndodo imene dzanja limagwira ndi mthenga chabe. Magiya enieni ali m'bokosi lawo, m'mene akusambira mu oyilo, ndipo pakati pa dzanja ndi bokosilo pali mfundo zingapo zimene uthenga umadutsamo. Pamfundo iliyonse opanga galimoto anaikapo kamkombero ka pulasitiki kapena ka mphira, kamene amakaniko amakatcha bushi. Ntchito ya kabushi ndiyo kuperepeseka m'malo mwa chitsulo, kuti zitsulo ziwiri zisadyane. Kutentha, fumbi, oyilo wodontha ndi kupita kwa zaka zimakaumitsa mpaka kamang'ambika n'kuyoyoka. Aphunzitsi a sayansi apeza pano chitsanzo chabwino cha m'kalasi: ngati mbali ya ndodo imene ili pamwamba ndi yaitali kasanu kuposa imene ili pansi, mpata wa mamilimita 2 kunsi umasanduka mamilimita 10 padzanja. N'chifukwa chake kanthu kochepa ngati chala kakhoza kuchititsa munthu kuganiza kuti bokosi lonse laphwasuka.

Pa Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, ndodo ya mitundu yambiri yakale imakhala pamwamba penipeni pa bokosi la magiya. Munthu akavundukula mphira wophimba tsinde lake namasula chotsekera, ndodo imazuka yonse. Pamenepo amaona mkombero umene mpira wa ndodoyo umakhalapo, ndi kachipewa ka pulasitiki kovala kunsonga kwake. Ziwirizi zikatha, zidutswa zake zichotsedwe bwinobwino, zatsopano zilowe. Ndi ntchito imene munthu wodekha amaitsiriza dzuwa lisanapendeke, galimoto ili chiimire pansi pa mtengo.

Volkswagen Beetle, kagalimoto kaja konga kamba, ndiyo imaphunzitsa zambiri pankhaniyi. Inkapangidwa ku Uitenhage, mzinda wa ku South Africa umene unasinthidwa dzina kukhala Kariega mu 2021, kuyambira 1951 kufikira 1979, ndipo yotsiriza padziko lonse inatuluka ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu 2003. Injini ndi bokosi la magiya zili kumbuyo, pamene woyendetsa ali kutsogolo. Motero uthenga umayenda ndi chitsulo chachitali chodutsa m'ngalande ya pakati pa galimoto. Chitsulocho chimapachikika pa kabushi kamodzi kamene kali kumbuyo pang'ono kwa ndodo, ndipo chimalumikizana ndi bokosi pamfundo imene ili pansi pa mpando wakumbuyo. Mfundoyo ndi yosavuta kuifikira: kunyamula mpando, kutsegula kachivundikiro, basi yaoneka. Kabushi kam'ngalande ndiko kamayesa mtima wa munthu, pakuti chitsulo chonse chiyenera kukankhidwira kutsogolo pang'onopang'ono, kudzera pakabowo ka kumphuno kwa galimoto, kuti katsopano kalowe. Ndiponso pansi pa ndodo pali kambale kachitsulo komangidwa ndi mabawuti awiri, kamene kamaletsa giya yobwerera m'mbuyo kulowa pokhapokha ndodo itakanikizidwa pansi. Wokonza wosasamala akakabwezera mozondoka, tsiku lina wofuna giya yachiwiri adzagunda yobwerera m'mbuyo galimoto ili paliwiro. Choncho wanzeru amalemba chizindikiro asanamasule kanthu kalikonse.

Galimoto zina zili ndi njira zawo. Peugeot 404, imene inayamba mu 1960 ndipo inapitirira kupangidwa ku Kenya mpaka 1991, ndodo yake ili pambali pa chiwongolero ndipo imatuma timikono tachitsulo tokhala ndi mfundo zambiri, choncho malo otha nawonso ndi ambiri. Toyota Corolla kuyambira 1983 inayamba kukoka ndi mawilo akutsogolo, ndipo uthenga umayenda ndi makebulo awiri okhala ndi timabushi kunsonga.

Tsono mlandu uli apa. Mwini galimoto akatopa ndi kufufuza magiya amapita kugalaja, kumene nthawi zina amauzidwa, wina asanavundukule ngakhale mphira womwe, kuti bokosi latha ndipo afune lina. Kunena kuti amakaniko onse ndi otero kungakhale kuwanamizira. Ambiri ndi anthu okhulupirika amene amayendetsa galimoto zimene kwawo kumene zinapangidwa zikanatayidwa kalekale. Koma n'zosabisa kuti kutsitsa bokosi kumalipiritsa kuposa kusintha kabushi, ndipo mwini galimoto wosadziwa kanthu alibe pogwira kuti atsutse. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali mayeso amene aliyense angachite yekha pabwalo la nyumba yake. Injini ili yozima, alowetse giya nagwedeze ndodo. Ikamayenda mtunda wautali giya ili chilowere, vuto liyambe kufunidwa kunja kwa bokosi. Ngati magiya onse amalowa bwino injini ili yozima, koma amakukuta ikalizidwa, wokayikiridwa ndi kilatchi imene sikumasula mokwanira. Ngati ndi giya imodzi yokha imene imakukuta nthawi zonse, pamenepo mkombero wamkuwa wa m'kati mwa bokosi, umene umafananitsa liwiro la magiya asanalumane, ukhoza kukhala utatha. Kwinaku mnzake agwedeze ndodo, iye ayang'ane kunsi kuti aone mfundo imene ikuyenda yokha inzake zili duu. Kokha asalowe pansi pa galimoto yoima pajeke yekha popanda zochirikiza zolimba.

Wozengereza naye ali ndi mlandu wake. Ndodo yogwedera simafikitsa giya kumapeto, ndipo giya yolowa theka imadya timano take tolumira tsiku ndi tsiku mpaka imayamba kudzichotsa yokha. Pofika pamenepo makaniko wonena kuti bokosi latha akunena zoona, ndipo walipha ndi mwini wake, pokana kugula kanthu kotchipa nthawi idakalipo. Koma kutaya ndalama ndiko kochepa. Aliyense amene anatsikapo phiri la pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena Chiweta kumpoto, akudziwa kuti pamalo otere galimoto imagwidwa ndi giya yaing'ono, mabuleki amangothandizira. Giya ikakana kulowa pakati pa chitsikotsiko, kapena ikadzichotsa, katundu yense amatsamira pa mabuleki, amene akatentha kwambiri amaleka kugwira. Ndipo ngati ili pikapu ya matola, kumbuyoko kuli amayi ndi madengu awo a tomato, amene sanafunsidwe maganizo awo pa za kabushi.

Ena adzati zipangizo za galimoto zakale n'zosowa, nanga munthu atani? Mawu amenewa ali ndi nzeru. Kadutswa ka paipi ya mphira, waya kapena chubu chodulidwa zafikitsa anthu ambiri kwawo usiku, ndipo wochita zimenezi pamsewu ayenera kuyamikiridwa. Cholakwika n'chakuti chimene chinamangidwa kuti chithandize tsiku limodzi chimakhala pomwepo zaka ziwiri. Kabushi kakasowa m'sitolo, wodziwa makina osemera zitsulo akhoza kusema kena kuchokera ku nayiloni kapena mkuwa, atayeza kakale kaja ndi chitsulo chimene kamavala. Pobwezera apakepo girizi pang'ono, koma adziwe kuti girizi wamba amafewetsa mphira wamitundu ina n'kuuwononga, choncho afunse woyenera.

N'zoona kuti galimoto zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan masiku ano zimasintha magiya zokha. Komabe mapikapu, malole ndi galimoto zakale zimene mphunzitsi kapena mlimi angakwanitse kugula zidakali ndi ndodo. Mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza Folomu 4 ndipo akuganiza zolowa umakaniko asaipeputse ntchito yaing'ono yotereyi. Makaniko amene wauza munthu kuti vuto ndi kabushi, pamene akanatha kumugulitsa bokosi, wataya ndalama za tsiku limenelo, koma munthuyo adzabweranso, ndipo adzabwera ndi anzake.

Ntchito ikatha, ndodo iyesedwe galimoto isanatuluke pabwalo. Magiya onse alowe limodzilimodzi injini ili yozima, kenaka ili yolira, ndipo yobwerera m'mbuyo ionedwe kuti sikulowa popanda kuifuna. Pamsewu wosadutsa galimoto zambiri woyendetsa aponde mafuta nawasiye mwadzidzidzi m'giya iliyonse. Ndodo ikagwedezeka kwambiri kapena giya ikatuluka, ayang'anenso mphira zimene injini ndi bokosi zimakhalapo, pakuti zikang'ambika bokosi lonse limasuntha n'kukoka ndodo, ngakhale timabushi tonse tili tatsopano.