Mwaweruza buku musanalitsegule

Akulu ampingo wina wa Amalawi kuno ku Cape Town akhala pansi n'kumanga mfundo yoti kagulu ka achinyamata komwe kamawerenga mabuku Loweruka masana m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi kathe, ndipo buku lomwe anawo amawerenga lisadzaonekenso m'nyumba ya mkhristu. Nkhaniyi mwaimva kale, yazungulira m'mafoni kuchokera ku Dunoon mpaka ku Masiphumelele. Akuti bukulo n'lausatana. Pachikuto pali lupanga, pali khwangwala, pali mtsikana wovala mkanjo wakuda, ndipo kwa akuluakuluwa zimenezi zakwanira kugamula mlandu.

Funso langa ndi limodzi, ndipo ndilifunsa mpaka wina andiyankhe. Mwa amene adakhala pabwalo limenelo, ndani adaliwerenga bukulo? Palibe. Adavomera okha pamaso pa makolo kuti nthawi yowerenga zopeka alibe, komanso kuti chinthu chonyansa sachita kuchilawa. Ndiye kuti anthu akuluakulu, a imvi zawo, aweruza buku la masamba mazanamazana poyang'ana chithunzi chimodzi. Kumudzi nyakwawa itati igamule mlandu wa mbuzi isanamve mwini dimba ndi mwini mbuzi, anthu angaiseke mpaka kumadzi. Kuno tikuzitcha kuteteza ana.

Popeza oweruzawo sadafune kudziwa, ndiwauze zomwe zili m'bukumo. Nkhani yake ikuchitika m'dziko lopeka, nthawi yamakedzana ya mafumu, malinga amiyala, akavalo ndi malupanga. Mfumu yapezeka itafa m'chipinda chokhoma. Dziko lonse laloza chala gogo wina wodziwa zitsamba, ati ndiye wapha mfumu ndi matsenga, ndipo nkhuni zomuotchera zayamba kale kuunjikidwa. Mtsikana wina wotsuka mbale kunyumba yachifumu wakana kuvomera zimenezi. Wayamba kufunsa: kiyi anali ndi yani, adathira vinyo m'chikho ndani, nanga imfa ya mfumuyi ipindulira yani? Matsenga alimo ndithu, sindibisa. Koma pomaliza wakupha uja si gogoyo ayi, ndi munthu wadyera amene amadya mbale imodzi ndi mfumuyo.

Ana aja, omwe akuti asokonezeka mitu, mukadamva momwe amakanganirana za bukuli mukadachita manyazi. Mnyamata wina adakwiya ndi mlembi, ati adabisa umboni wofunika mpaka kumapeto, ndipo kutero n'kubera wowerenga. Mtsikana wina adamutsutsa, adatsegula bukulo n'kumuonetsa tsamba lomwe umboniwo udali poyera, iyeyo ndiye adaudumpha chifukwa chothamangira kumapeto. Wina adati wotsuka mbale uja ndi wochenjera mopitirira, munthu wazaka 16 sangapusitse nduna zonse za mfumu. Wina adati chidamupweteka ndi chakuti gogo uja atamasulidwa palibe adapita kukamupepesa. Ndiye panali kamtsikana kena kamene kadafunsa kuti n'chifukwa chiyani mafumu a m'mabuku onsewa amakhala kumaiko a chipale chofewa, kodi kwathu kudalibe mafumu ophedwa? Awa ndi maganizo a owerenga. Awa adaliwerenga. Inu akuluakulu, maganizo anu mwawatenga kuti?

Mukuti mwana asamawerenge za kuphana ndi za zinthu zosaoneka. Abambo anga, inu mudakulira chiyani? Ambiri a inu mudagwira m'manja Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe la mu 1965, ndipo ena mudalembapo mayeso. Muli chiyani m'menemo? Anthu awiri apachibale apita kutali kukafuna ntchito monga tachitira ifeyo, pobwerera Gwenembe apha Sikusinja chifukwa cha kaduka pa katundu, ndipo chinsinsicho chiululidwa ndi mbalame yoimba. Munthu kupha mbale wake, mbalame kuchitira umboni ngati munthu. Aphunzitsi anu adakuwerengetsani zimenezi, agogo anu adakuimbitsani nyimbo yake pamoto, ndipo palibe adasanduka mfiti. Mudatulukamo mukudziwa kuti magazi a munthu sabisika. Lero mwana wanu wapeza phunziro lomwelo m'Chingerezi, inu mwaimika tsitsi. Chasintha n'chiyani? Khwangwala wa pachikuto ndi woopsa kuposa mbalame ya Sikusinja?

Nanga Mbona? Aliyense wochokera kuchigwa cha Shire amadziwa za wobweretsa mvula uja amene adathawa adani ake akusiya mapazi pamiyala, amene mikondo ndi mipeni idakanika kumulasa mpaka iye mwini adaulula chomwe chingamuphe, amene mutu wake udakaikidwa ku Khulubvi ku Nsanje ndipo magazi ake adasanduka mtsinje. Ndani adamuphetsa? Ena amati Mlauli, ena amaloza kwa Lundu. Wansembe wachikatolika Matthew Schoffeleers adatha zaka zambiri akusonkhanitsa mbiri zosiyanasiyanazi, n'kulemba buku lake River of Blood mu 1992. Wansembe ameneyo sadaope kuti chikhulupiriro chake chitha. Inu mukuopa buku la ana.

Ndipo tisanamizane, Buku Lopatulika lomwe mudaika patebulo pogamula mlanduwu silibisa zoterezi. Kuphana koyamba kuli m'chaputala chachinayi cha Genesis, ndipo amene akufunsa mafunso kwa Kaini ndi Mulungu mwini. Bulu wa Balamu adalankhula. Sauli adapita usiku kwa wobwebweta wa ku Endori. Davide adakonza imfa ya Uriya ndi kalata, ndipo Natani adamugwira pomuuza nthano yopeka ya mwanawankhosa. Solomo adapeza mayi weniweni wa khanda ndi nzeru za kafukufuku. Kodi mudzang'amba masamba amenewa? C.S. Lewis, amene adalemba nkhani za Narnia zodzaza mfiti ndi nyama zolankhula, adali mkhristu wotchuka poteteza chikhulupiriro. Mlembi mnzake, Tolkien, adali mkatolika wosaphonya misa. John Bunyan adalemba Pilgrim's Progress mu 1678, muli ziphona, muli chilombo, muli linga la ukaidi, ndipo amishoni adalimasulira m'zilankhulo zambiri za mu Africa. Kutchula choipa m'nkhani si kuchipembedza. Mwana wa Sande sukulu amadziwa zimenezi.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu adapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zidaphetsa anthu osalakwa, ena adangopezeka ndi chikwama pamalo pomwe sadziwika. Pa magulu onse amene adanyamula miyala ndi zibonga, padasowa munthu mmodzi woimirira n'kufunsa kuti umboni uli kuti. Sitidasowe mapemphero masiku amenewo, tidasowa funso limeneli. Tsono pabwera buku lomwe kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza likuphunzitsa mwana kuti gogo akalozedwa chala usathamangire nkhuni, funsa kaye amene anali ndi kiyi. Buku lotere ndilo mwaliletsa. Ndipo mwaliletsa m'njira yomweyo imene bukulo likudzudzula: mwaona chikuto chakuda, mwamva mphekesera kwa mayi wina amene nayenso adamva kwa wina, mwagamula. Ana aja aona zonsezi. Musaganize kuti sadazindikire mbali imene mwaima m'nkhani imene angomaliza kuwerenga.

Pali gulu lachiwiri, lomwe limadziyesa lophunzira. Awa sanena za Satana, amati mabuku otere ndi za azungu, n'kutaya nthawi, mwana awerenge masamu ndi sayansi kuti adzapeze ntchito. Amalankhula ngati kuti mwana ali ndi mitu iwiri, wina wowerengera nthano, wina wowerengera sayansi. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 adapeza kuti ana 81 mwa 100 alionse a giredi 4 m'dziko lino la South Africa sangathe kuwerenga n'kumvetsa zomwe awerenga, m'chilankhulo chilichonse. Ana athu akuphunzira m'sukulu zomwezo. Funso la masamu limabwera m'mawu, la sayansi limabwera m'ndime. Mwana amene watha buku lonse lochindikala mwa kufuna kwake, n'kubwereranso m'mbuyo kukafufuza tsamba lomwe adaphonya umboni, ameneyo ndiye adzamvetse funso la mayeso a matiriki. Inu amene mukuti n'kutaya nthawi, buku lomaliza mudaliwerenga liti mpaka kumapeto?

Zoti ndi za azungu, pamenepo pali kachoonadi, koma kachoonadiko kakutitsutsa ife tomwe. Kamtsikana kaja kadafunsa bwino. Mafumu tidali nawo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kudali likulu la Kalonga, ndipo Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo adapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, poyenda kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa, adalandiridwa ndi mfumu Muzura. Ku Msinja kudali Makewana, mayi wosunga mvula, amene ngakhale mafumu ankamuopa. Padali Undi, padali Lundu, padali Kaphwiti, padali mikangano ya mipando, padali mwavi. Zipangizo zonse zolembera nkhani ya mtsikana wofufuza imfa ya nduna kubwalo la Kalonga zili mbwee. Steve Chimombo adayesa ndi sewero lake The Rainmaker. Shadreck Chikoti adaonetsa ndi Azotus the Kingdom kuti Mmalawi angapeke dziko lakelake. Kuno Zakes Mda adatenga ufumu wakale wa Mapungubwe n'kuuika m'buku mu 2013. Nthano za Ayoruba a ku Nigeria zidafika dziko lonse kudzera mwa Tomi Adeyemi mu 2018. Amene adzalembe buku la Mankhamba m'Chichewa adzachokera kuti? Adzachokera pakati pa ana owerenga, ana okangana za mabuku Loweruka masana. Kagulu kameneko ndiko mwakabalalitsa. Simungadandaule kuti ana sadziwa za kwawo uku mukutseka pakamwa mwana yekhayo amene wafunsa za kwawo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana athu kuno amadzuka ndi Chichewa, kusukulu Chingerezi, pamsewu Chixhosa, m'sitolo Chiafrikaans. Tidawabweretsa ndife, kapena adabadwira konkuno ife tikudula kapinga ku Constantia ndi kuchapa zovala ku Sea Point. Timachoka kusanache, timabwera kutada. Loweruka ambiri a ife tili pantchito. Tsono ndifunse: ana amene mwawachotsa m'chipinda chija apite kuti? Mukudziwa bwino lomwe kuti Nyanga, Delft, Mfuleni ndi Philippi East sizisowa pamndandanda wa madera ophedwa anthu ambiri m'dziko lino apolisi akamatulutsa ziwerengero. Mwana wa m'makomboni a Cape Town sasowa buku kuti adziwe imfa, amamva mfuti usiku. Chimene sachiona kawirikawiri ndi wakupha akugwidwa, wosalakwa akumasulidwa, wina akulimbikira mpaka choona chitadziwika. Bukuli limamupatsa chimenecho. Mwamulanda, mwamusiyira foni ndi ngodya ya msewu. Ndipo mafoniwo, omwe muli zithunzi zenizeni za anthu akuotchedwa zomwe akuluakulu omwe timatumizirana pa WhatsApp, sindidamve bwalo lililonse likuwakhalira pansi.

Kholo lili ndi ufulu wouza mwana wake kuti buku ili dikira ukule. Zimenezo sindikutsutsa. Koma kholo limenelo liyambe laliwerenga, lidziwe chomwe likukana, lifotokozere mwana wake. Chimene ndikukana ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi kugamulira ana a eni ake, osatsegula ndi tsamba lomwe, kenako n'kuimitsa pamaso pa mpingo mayi amene amadzipereka kutsogolera kagulu kaja popanda malipiro, ngati kuti wagwidwa ndi nyanga. Mayi ameneyo ndiye akufunika kupepesedwa, pamalo pomwepo pomwe adachititsidwa manyazi.

Mzinda wa Cape Town uli ndi malaibulale oposa 100. Ku Dunoon ilipo, ku Masiphumelele ilipo, yaikulu ili pa Darling Street, pafupi ndi pokwerera basi ndi sitima. Akulu ampingo apite akabwereke bukulo, aliwerenge lonse, ndipo akaliwerenga aitane anawo, akhale nawo pansi, atchule tsamba lomwe muli usatana. Akalipeza, ine ndidzalemba pano nambala ya tsambalo. Akalephera, chipinda chija chitsegulidwe Loweruka lotsatira. Ndipo amene mukwere basi kupita kumudzi Disembala ikubwerayi, pobwera musangonyamula ufa, usipa ndi mpunga wa Kilombero. Mufufuze Sikusinja ndi Gwenembe m'masitolo a mabuku ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mubweretse makope angapo, kagulu kaja kakaliwerenge n'kulifananiza ndi buku lomwe lidaletsedwali.