Digiri ya njala, masitazi ya tulo

Nditasankhidwa kupita ku koleji ya boma mumzinda wa Blantyre, kwathu ku Ntcheu anapha nkhuku. Palibe anandiuza kuti malo ogona pasukulu ndi ochepa. Ndinakapezeka ku Chitawira, atsikana atatu m'kachipinda kamodzi, matiresi pansi, mbaula pakhomo. Ndiwo zinali bonya, tikalemera soya pisesi. Ya minibasi tinkagulira bando ya intaneti, ndiye m'mawa uliwonse unali ulendo wapansi.

Pano ndabwereranso, ndikuchita masitazi Loweruka ndi Lamulungu. Njala ija inatha, koma abale, tulo ndiye ndatiiwala. Ndikaweruka kuntchito 5 koloko ndimaphika, kugoneka mwana, kenako kutsegula laputopu mpaka magetsi atathima kapena maso atakana. Ngongole ya digiri yoyamba ija akundidulabe pamalipiro, ndipo fizi yatsopanoyi ikuchoka m'thumba lomwelo.

Loweruka lapitali, pageti, mtsikana wa chaka choyamba anandipatsa moni mwaulemu, "Mwadzuka bwanji madamu," kuyesa ndine mphunzitsi. Ndinaseka, koma milomo yake youma ija ndinaizindikira. Nditamufunsa ngati wadya, anayankha msangamsanga kuti "Eee," bodza lomwe lija ndinkawanamiza amayi pafoni kuti asagulitse chimanga.

Ndinagula chipisi, tinakhala pansi pa mtengo. Iye amafuna kudziwa ngati digiri imapezetsadi ntchito. Ndinalakalaka kumunamiza nanenso, koma ndinamuuza kuti ndinatha zaka ziwiri ndikuponya makalata. Anangoti "Ii," n'kupitiriza kudya. Atamaliza anandipempha nambala, akuti ndizimuonerako CV.